Mababu Akupsa a Gerishomo

"Ine Bizweki, mkamwini ndikamuloza chala sadya mpunga watsopano pamudzi pano. Atatu ndinapirikitsa. Wamababuyu ndi wachinayi."

A Bizweki ananena zimenezi mbumba yonse ikumva, pamudzi pawo kufupi ndi doko la Kachulu. Iwo anali malume ake a Elenala, ndipo wamababuyo anali Gerishomo, mwamuna wa Elenala, amene anali khale pakatoni, mutu uli zyoli.

Inu amene mukuti zanu zavuta, tamvani za mnzanuyu.

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapita kuchilumba cha Chisi wapansi. Gerishomo, mwana wamasiye amene ankangodziwa matemba basi, anagulitsa ukonde n'kukwera lole ya ku Zomba. Kumeneko anamva mphekesera yoti sikimu ya mpunga ya Likangala ibwera ndi magetsi. Kuseri kwa sitolo ina anakumana ndi mkulu wina wovala tayi, ali ndi mababu katoni yodzaza, mtengo wake ngati wa tomato wotsala madzulo.

"Pikulani lero, achimwene. Mawaya akangofika, njinga muzidzabwereketsa."

Magetsi sanabwere. Kuwonjezera apo, a Alli, dalaivala wa lole ija, anatenga babu limodzi, kuligwedeza pakhutu, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Likulira ili. Lamoyo sililira, bwanawe. Wagula maliro katoni yonse."

Akanadziwa bwanji? Dera lonselo kunalibe ngakhale poyesera.

"Kawatayeni kudambo, anthu asanakupekeni nyimbo," Elenala anamuuza.

"Nyimbo apeka kale. Nditayenso katundu?"

Gerishomo anali ndi miyezi yochepa, mpunga usanache. Tsiku lina anaona Elenala akukalipira koloboyi wawo wachitini, yemwe ankamwa palafini ngati chidakwa, wina n'kumadontha pansi. Gerishomo anayang'ana babu. Galasi silidontha.

Anaboola babu kumene kuli chitsulo, kuchotsa zam'kati, kuthiramo palafini. Pamwamba anaika chitsekerero cha botolo choboola pakati, chingwe anasolola kubulangete lakale, n'kukhazika zonsezo pakachitini ka mkaka.

Musaganize kuti zinangotheka. Ambiri anasweka, zala zake zinali mabala okhaokha. Lina linabuka moto n'kumumeta nsidze, ndipo Lamulungu limenelo kutchalitchi anthu ankaimba akuyang'ana kumbali. A Bizweki anadutsa akuimba mluzu.

"Mkeka wako wapinda kale?"

"Ndikadagonapo, apongozi."

Gerishomo anazindikira kuti vuto linali chingwe chonenepa. Atachichepetsa, kanyale kaja kanayaka mwaulemu, kumapsontha palafini pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Botolo limene kale linkatha sabata lisanathe linayamba kuona mwezi. Ndipo amayi anakondanso china: m'galasi umaona pamene palafini wafika, ndiye bambo sangapungule wina kukasinthitsa ndi kachasu n'kunamizira nyale.

Tsiku la msika katoni inatha dzuwa lisanafike paliwombo. Ngakhale ayufi oona makadi a chipani pachipata anasiya kumufunsa khadi, n'kumamufunsa mtengo.

Anabwerera ku Zomba. Mkulu watayi uja atangomuona analiyatsa liwiro. Gerishomo pambuyo, kudutsa pakati pa ogulitsa kabichi, mpaka kumugwira tayi yomweyo.

"Pepani, achimwene, ndili ndi ana!"

"Khalani chete, inu. Ndabwerera ena. Muli nawo angati?"

Kuyambira pamenepo ankapikula m'matumba, kwa mkuluyo ndi kwa amesenjala a m'maofesi. Lililonse ankaligwedeza pakhutu. Likapanda kulira ankalibweza, amvekere, "Ili n'labwino, sindilifuna."

Nyale zake zinafika kwa Kuntumanji, zinawoloka mpaka ku Chisi. Mbumba ya a Bizweki inayamba kuchapira sopo ndi kumwa tiyi wa shuga, ndipo aliyense ankadziwa kumene zinkachokera.

Ndiye inu, ngati munapusitsidwapo, mudzi wonse n'kukusekani, lirani pang'ono, n'zololedwa. Koma osataya mtima, ndipo musathamangire kudambo musanayang'anitsitse chimene chili m'manja mwanu.

Mpunga utayamba kufiira, Gerishomo anauza mkazi wake mokweza, kuti mpanda wa apongozi umve: "Elenala, manga katundu. A Alli andipezera malo ku Zomba. Ndichoke ndisanapirikitsidwe."

"Ine ndikutsatani," Elenala anayankha, mokwezanso.

M'mawa mwake anadzuka ndi phokoso padenga. Gerishomo atatuluka anapeza a Bizweki ali pamwamba, malaya atavula, luzi lili kukamwa, akufolera nyumba ya mkamwini.

"Apongozi, nanga mukuvutikiranji ndi nyumba ya munthu wochoka?"

A Bizweki analavula luzi, osayang'ana pansi.

"Wachoka ndani? Tandiponyerani mtolo wa udzuwo, bambo, dzuwa lingakwere."