Nambala ya Agogo ya ku Joni

Fungo la fodya wachikopa likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna atakhala pakhomo la chigafa kwathu ku Njombwa, maso ali psuu ndi utsi, akusonkhezera nkhuni zaziwisi pansi pa masamba olendewera, kwinaku akutsokomola ndi kuimba nyimbo za kumigodi zimene ife sitinkazimva.

Padzanja ankavala chibangili chamkuwa cholembedwa 10403. Imeneyo inali nambala yawo ku Joni, masiku amene boma linali lisanaletse anthu kupita kumigodi.

"Kumeneko dzina langa silinkagwira ntchito," ankatero. "Kapitawo ankangoitana nambala, ine n'kuyankha."

Ndili mu Sitandade 7 masamu anandikanika, ndipo bambo anali atanena kale kuti ndikalepheranso ndisiye sukulu, ndizisoka fodya monga achemwali anga. Tsiku lina ndinadandaulira agogo kuti aphunzitsi akutivutitsa ndi nambala zosagawika, zimene sizigawika ndi nambala ina popanda chotsala, kupatula 1 ndi izo zomwe. Agogo anavula chibangili chija n'kundipatsa.

"Nanga yangayi? Ndakalamba nayo koma mtundu wake sindiudziwa. Tandifufuzira, Nabanda."

Ndinayamba kulemba ndi kamtengo pafumbi kuseri kwa chigafa. Kuti 2 sangaigawe ndinaona msanga, poti imathera ndi 3. Nazonso 3, 5 ndi 7 zinakana. Madzulo aliwonse ndikachoka kotunga madzi ndinkayesa zina, nkhuku zikufufuta zimene ndalemba dzulo. Nditafika pa 97 ndinataya kamtengo.

"Agogo, nambala yanu ilibe m'bale. Ndi yosagawika."

"Wafunsa onse?"

"Ndatopa ine!"

"Ifenso pansi pa nthaka tinkatopa, koma mwala sunkasweka ndi kudandaula."

Ndinatola kamtengo ndikung'ung'udza. Nditayesa 101, inalowa bwinobwino ka 103, osatsala kanthu. Ndinabwereza, kenaka ndinakuwa mpaka mbuzi zinabalalika.

Agogo anafunsa ngati ziwirizo zimagawika. Nditawauza kuti ayi, zonse n'zosagawika ndipo n'zoyandikana ngati mapasa, anaseka mpaka kutuluka misozi.

"Ndiye kuti inenso ndinali ndi kwathu, ngakhale pa nambala!"

Bambo, amene anabwera atamva phokosolo, anaima nthawi yaitali akuyang'ana bwalo lonse litadzaza ndi masamu. Sanandiyamikire. Anangouza amayi kuti mawa asanditume kumunda, ndili ndi sukulu. Chaka chimenecho ndinakhoza.

Agogo sanakhale ndi moyo kufikira kundiona nditaima kutsogolo kwa kalasi. Koma lero mwana akandibweretsera kope lopanda yankho, misozi ili m'maso, sindithamangira cholembera chofiira. Ndimakoka mpando, ndikhale pambali pake, tiyese nambala yotsatira.