Ndinaletsa Mijigo Kupereka Moni

Inu owerenga, ine ndinaletsa mayi anga kundipatsa moni wa m'mawa, ndipo sabata yomweyo ndinaletsanso mijigo kupereka moni. Musaseke, ngakhale amayiwo akamaifotokoza nkhaniyi amaseka mpaka kugwira nthiti. Lero amayi amayenda ndi ndodo, ndipo ndodoyo ndinawagwiritsa ndine.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, poti ngakhale abale anga saimvetsa. Ndimagwira ku bungwe lina lomwe limaika mijigo ya sola m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Pa mjigo uliwonse pali kabokosi kokhala ndi simukhadi, ndipo kamalemba zonse zochitika pamenepo: pampu yayamba, thanki yadzaza, batire yatsika. Zolembazo timazitcha malogi. Malogi a mijigo yonse amasonkhana malo amodzi, pa makompyuta obwereka omwe timawafikira pa intaneti. Anzathu amati klaudi, ife timangoti kumtambo. Ine ndimasamala fayilo ya malamulo, youza kabokosi kalikonse zoti katumize ndi kumene katumize. Ndikasintha mzere umodzi, makina amanyamula okha kusinthako n'kukakufikitsa ku mijigo yonse, ine ndili phee pampando ku Dowa, tiyi asanazizire n'komwe.

Amayi amakhala kwathu, chakumtunda kwa Kasakula. Ntchito yangayi ankainyadira mwa njira yawoyawo. Mlendo akafika ankamuuza kuti mwana wawo amagwira ntchito kumitambo, kungoti mvula sabweretsa. Tsiku lomwe bungwe linaika mjigo m'mudzi mwathu, ine ndinalipo, nditatchena. Ndinaimirira pamaso pa komiti ya madzi n'kunena kuti mjigowu umadzinenera wokha, ukadwala ife ku ofesi tidziwa iwo asanadziwe, ndiye asamavutike n'kuimba foni. Nthungululu zinamveka. Amayi anavina mpaka chitenje kumasuka, ine ndikudzitukumula. Mawu amenewo muwasunge, abweranso.

Chimwalirireni bambo, amayi anali ndi chizolowezi choimba foni m'mawa uliwonse. Nkhani yeniyeni panalibe. Ankangofunsa ngati ndadzuka, kenako n'kundiuza kuti nkhuku yakuda ija yayamba kuikira, mbuzi ya aneba yadyanso chisoso, bondo likuvutako pang'ono koma si kwenikweni. Ankanditcha abwana, mondiseka. Ndinkawakonda, ndipo ndimawakonda, koma m'mawa ndi nthawi yomwe timakumana ndi akuluakulu a kuntchito pa kompyuta. Tsiku lina foni inalira ndili mkati mofotokoza, anthu n'kuseka. Nditatuluka ndinawaimbira ndili ndi ukali wa munthu wochita manyazi.

"Amayi, muziimba pakakhala vuto. Mukakhala chete ndizidziwa kuti kuli bwino."

Iwo anangoti, "Chabwino abwana, ndamva." Ine ndinadziona wanzeru, munthu wodziwa kusamala nthawi.

Tsono mabokosi a pa mijigo aja nawonso anali ndi khalidwe la amayi. Pakapita kanthawi, kalikonse kankatumiza kamzere kongonena kuti kali moyo. Kuntchito tinkakatcha moni. Mijigo itachuluka, moniyo anadzaza malogi, moti kupeza dandaulo lenileni kunali ngati kusankha mchenga mu mpunga. Ndinatopa nazo. Ndinatsegula fayilo ya malamulo ija n'kuchotsa mzere wa moni, kuti mabokosi azilankhula pokhapokha pakakhala vuto. Panalinso lamulo lina lomwe linkayatsa chizindikiro chofiira mjigo ukadumphitsa moni. Nalonso ndinalichotsa, chifukwa popanda moni likanafiiritsa mijigo yonse.

Kwathu kuntchito kusintha sikupita mnzako asanakuone. Anakuona ndi Madalitso, mnzanga yemwe timakhala naye tebulo limodzi. Anandifunsa kuti, "Achemwali, nanga wakufa amadandaula?" Ndinamuyankha kuti kabokosi kali ndi batire yakeyake, kadzayamba kalira kasanafe. Anagwedeza mutu n'kuvomereza, chifukwa ntchitoyo ndinayamba ndine ndipo ankandikhulupirira. Makina anachita zomwe amachita. Mijigo yonse ya m'mapiri inasiya kupereka moni tsiku lomwelo.

Kukoma kwake kunali kosasimbika. Malogi anayera, pa sikirini panali zobiriwira zokhazokha, foni nayo inali zii m'mawa. Ndinkawaimbira amayi Lamlungu ndikakumbuka, mothamanga, n'kufunsa ngati kuli bwino. Iwo ankati kuli bwino, ine n'kudula.

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija, ndipo inabwera ndi mphenzi. Mphenziyo inamenya pa mjigo wa kwathu n'kutentha pampu, kabokosi ndi batire yake nthawi imodzi. Kabokosi sikanapeze mpata wolira. Kumtambo sikunafike dandaulo lililonse, choncho dzina la mudzi wathu linakhalabe lobiriwira. A komiti sanaimbe, poti mwana wa pamudzi pomwepo anawauza pagulu kuti a ku ofesi amaona okha. Anangodikira galimoto ya bungwe. Mvula inapita, dzuwa linabwerera ndi ukali, ndipo anthu anayambanso kutsikira kumtsinje, kudzera kanjira kotsetsereka komwe mvula ija inakakokolola.

Foni inandipeza masana ndikudya chimanga chootcha panja pa ofesi. Anali mayi Nachisale, oyandikana nyumba ndi amayi. Anati amayi agwa pokwera kuchokera kumtsinje ndowa ili pamutu, sakutha kudzuka, anthu awanyamula. Ndinafunsa kuti kumtsinje amakatani pomwe mjigo uli pafupi.

"Mjigo utiwo? Si unafa tsiku la mphenzi lija? Ife timati mukudziwa."

Ndinathamangira mu ofesi. Pa sikirini mudzi wathu unali wobiriwira bwinobwino, ngati ndiwo zamasamba za kudimba. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire.

Kuchipatala anapeza kuti fupa lathyoka cha m'chiuno. Ndinakhala nawo monga wowadikirira, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwaphikira phala lomwe ankalinyoza kuti ndi la anthu a m'tauni. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire za mjigo, ngakhale Lamlungu lomwe ndinaimba.

"Unati ndiziimba pakakhala vuto," anatero. "Tsono ine ndinaona kuti ndikanena za mjigo, zikhala ngati ndikukuuza kuti ntchito yakukanika. Anthu akadandaula ndinkawauza kuti mwana wanga akudziwa, akubwera."

Inu owerenga, amayi ankatsika phiri ndi bondo lawo lovutalo pofuna kuphimba manyazi anga, ine ndili ku Dowa kuyamikira mtundu wobiriwira. Ndinalira ngati mwana, chipeso chili m'manja. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti madzi amenewa ndikanabwera nawo kale, kumtsinje sakanapitako. Azimayi onse a m'chipindamo anafa nacho chiseko, inenso ndinaseka misozi ili mbwee. Ndi mmene alili mayi anga, amakukhululukira pokuseka.

Za kuntchito sizinadikire kuti amayi atuluke. Ndinamuimbira Madalitso, ndipo anabwezeretsa mizere iwiri ija ine ndikumuuza pa foni, osandikumbutsa ngakhale pang'ono funso lake lija. Mijigo inayambanso kupereka moni, ndipo mwa yomwe sinayankhe munalinso ina ya midzi ina, yomwe inali itafa ife osadziwa. Ndinauza akuluakulu kuti cholakwa chinali changa. Anandidzudzula, koma ntchito sanandichotse. Chomwe chimandipweteka n'chakuti vuto la phokoso lija linali ndi mankhwala apafupi. Tinangouza makina kuti moni azimuika pambali payekha, madandaulo payekha. Panalibe chifukwa chotsekera aliyense pakamwa.

Mjigo wa kwathu utakonzedwa, ndinakaimanso pamaso pa komiti, ulendo uno wosatchena. Ndinabweza mawu anga. Ndinawauza kuti madzi akasiya aziimba, ngakhale akuganiza kuti tikudziwa, chifukwa chetechete sautsa nyama. Nthungululu panalibe, koma anandimva.

Fupa la amayi linalumikizana, koma mwendo sunabwerere mwakale. Kumunda amapita kukayang'anira basi, ndipo kuvina kuja amavina ndi mapewa atakhala pampando. Akandiona ndikuyang'ana ndodo yawo amandikalipira kuti ndisawaike m'manda ndi maso. Komabe ine ndimadziwa kumene ndodoyo inachokera, ndipo sindidzaiwala.

Tsono inu anzanga a ntchito ngati yangayi, musanachotse mzere uliwonse m'fayilo yomwe imapita yokha ku makina ambiri, dzifunseni kuti amene anauikapo ankaopa chiyani. Mnzanu akakufunsani funso lokhala ngati nthabwala, musamuyankhe ndi ukulu wanu. Ndipo musakhulupirire sikirini yobiriwira ngati simukudziwa chomwe chingaifiiritse, pakuti chinthu chakufa ndi chinthu chamtendere zonse zimakhala chete. Inu ena amene malogi simuwadziwa, muli naye wina amene amakuimbirani popanda nkhani, kapena kungokuflashani m'mawa. Musamuletse. Tsiku lomwe adzakhale ndi vuto lenileni mwina sadzanena, chifukwa chokukondani.

Masiku ano foni yanga imalira m'mawa uliwonse, ndipo kaya ndili pa msonkhano ndi akuluakulu, ndimapepesa n'kutuluka. Amayi amayamba ndi mawu omwewo tsiku lililonse, mwaulemu wonse wa munthu wokuseka: "Abwana, pepani kukusokonezani, ndangoimba kukudziwitsani kuti kuno kulibe vuto." Kenako zimabwera za nkhuku yakuda ndi mbuzi ya aneba. Ine sindidula. Ndimamvetsera mpaka kumapeto, ndipo pansi pa mawu awo ndimamva ndodo ikugunda pansi, go, go, go, akupita kumjigo ndi kachigubu kawo.