Makolo anga akangana, ine mtima mbee

Lamulungu lapitali abambo ndi amayi anga anakangana pamaso pa alendo, ndipo mpaka lero ndikumwetulira ndekha m'kalasi. Mnzanga amene timakhala desiki imodzi akuti ndapeza chibwenzi. Ayi ndithu. Tamvani kaye musanandiweruze.

Ine Tiya ndinakulira mu kampingo kena kuno kwa Nthache. Mtsogoleri wake tinkangomutchula kuti Atate. Atate ndiwo ankasankha mbewu yodzala, munthu wokwatirana naye, ngakhale tsiku lopita kuchipatala. Chisankho chikayandikira ankatolera ziphaso zovotera za mpingo wonse n'kuzitsekera mu sutikesi yawo. Tsiku lovota ankazigawa, n'kunena pochonga. Akalankhula, tonse tinkayankha pamodzi: "Tamva, tichita."

Chaka chatha mabanja asanu tinatulukamo. Sitinapeze mpingo wina, choncho Lamulungu timakumana pakhonde pathu. Timapemphera pang'ono, kenako n'kumasenda nandolo tikucheza.

Tsiku limenelo a Zuze anabwera ndi nkhani. A Zuze ndi amene ankanyamula chikwama cha Atate, panopa amagulitsa manachesi pa boda. Anati chisankho cha khansala chayandikira, ndipo opikisana ndi awiri: bambo wina mwini malole ndi mayi wina mphunzitsi wopuma.

"Wamaloleyo ndaonana naye," anatero a Zuze. "Akuti amatidziwa kuti ife timayendera limodzi. Ndamulonjeza mavoti athu onse. Ziphaso mubweretse kwa ine Lachisanu, ndikusungireni."

Khonde lonse: "Tamva, tichita."

Ngakhale ine! Ine amene msinkhu wovota sunakwane! Pakamwa panangoyenda pokha.

Amayi okha sanayankhe. Anapitiriza kusenda nandolo, kenako anati, "Changa sindipereka."

Abambo anatsokomola.

"Mayi a Tiya, mwatani? Tagwirizanatu."

"Tagwirizana liti, bambo a Tiya? A Zuze ayimba, ife tapolokoza. Ine ndikufuna mphunzitsi uja. Ndi yekhayo amene wanenapo za mlatho. Mtsinje ukadzaza, mwana wanuyu amajomba sukulu sabata yathunthu."

"Mlatho amamanga ndi choko?" anatero abambo. "Nanga manachesi athu amene akuolera pansiwa? Wamalole angathe kutitsegulira msika ku Blantyre."

Atanena zimenezi anakhala ngati adzidzimuka okha. Ndinawayang'ana kumaso. Abambo anga anali ndi chifukwa! Chawochawo, chosabwereka kwa munthu!

"Malolewo wawagula dzulo?" anafunsa amayi. "Zaka zonsezi manachesi akuola, iye anali kuti?"

Basi, moto unabuka. Wina akuti onse awiri ndi onama. Wina akuti mkazi sangalimbane ndi akuluakulu a ku Boma, azimayi n'kumuwowoza mpaka anabisa nkhope m'chipewa. A Zuze anaimirira n'kukweza dzanja mmene ankachitira Atate. "Bata! Bata!" Palibe anawamva. Anaima kanthawi dzanja lili m'mwamba, kenako anakhala pansi n'kulowa nawo mkanganowo, theka m'Chichewa theka m'Chinyungwe.

Ine ndinkangoseka, nandolo ali mbwee pansi.

Phokoso litachepa, abambo anafunsa motsitsa mawu, "Nanga tikasiyana maganizo chonchi, wolondola tidzamudziwa bwanji?"

Apa kuseka kunatha. Funso limeneli ndi limene linatisunga kwa Atate zaka zonse zija. Kusankha wekha kumaopsa, chifukwa ukalakwitsa palibe womuloza chala.

Mayi wina anapeza njira yachidule. "Tiya ali Fomu 3, amawerenga nyuzipepala kusukulu. Atiuze iyeyu woti timuvotere."

Maso onse pa ine. Ndisaname, zinandikomera. Akuluakulu onsewa kudikira mawu anga! Ndinali nditatsegula kale pakamwa.

"Mwanayu musamusandutse Atate," anatero amayi. "Ali ndi mayeso."

Tinaseka mpaka misozi, a Zuze omwe.

Ndikudziwa kuti ena a inu mumatiseka. Kumsika timamva, "Awo a mpingo wa sutikesi." Chabwino, sekani. Koma tandiuzani, inu amene simunalowepo kampingo ngati kathu, voti yanu yapitayi munasankha nokha? Kapena munafunsa kuti kwathu kuno timavotera ndani? Ndi azimayi angati amene amauzidwa pochonga ndi amuna awo m'mawa wa tsiku lovota? Ndi anyamata angati amene amasintha maganizo chifukwa cha tisheti ndi nsalu? Kusukulu kwathu komwe, posankha hedigelo, atsikana ambiri amayamba ayang'ana kumene kwakwera manja ambiri, kenako n'kukweza lawo.

Atate ankakonda mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Koma tinali mitu yambirimbiri yongosenza, woganiza uli umodzi. Ine ndikuona kuti mwambiwu umafuna mitu imene ingathe kunena kuti, "Dikirani, denga lapendekeka mbali yangayi."

Sindikudziwa ngati amayi akulondola. Mwina mphunzitsiyo akapambana mlatho sadzamanga. Mwina abambo ndiwo aona patali. Chimene chikundisangalatsa n'chakuti m'nyumba mwathu tsopano muli maganizo awiri, ndipo nyumba sinagwe.

Dzulo linali Lachisanu. Palibe amene anapititsa chiphaso kwa a Zuze, ndipo iwo sanabwere kudzafunsa. M'mawa uno ndikuvala yunifomu yopitira ku makalasi a Loweruka ndinamva abambo akufunsa kuseri, "Ndiye simusinthadi, mayi a Tiya?"

"Ndikopeni ndi mfundo, mwina," anayankha amayi.

Mawa mphunzitsi uja ali ndi msonkhano pabwalo la mpira. Abambo akuti apita, akamvetsere okha n'kutola zifukwa zodzagonjetsera amayi. Amayi awasitira kale shati.