Kapepala pa Nyali ya Oilo

Pikapu imene ndinkayendetsa inkagogoda ikatentha, makamaka ikanyamula matumba a mtedza pamsewu wafumbi wochokera ku Kabudula kupita ku Nsaru. Koma ndikangoifikitsa pa galaja inkalira bwinobwino, ngati mwana amene malungo amamuthera pakhomo la chipatala. Makaniko, bambo wachisilamu wosalankhulalankhula, anatopa nane, inenso ndinatopa nawo.

Tsiku lina ndinawauza kuti, "Bambo, lero mukwera, mukaimve nokha."

Tinapakira mtedza n'kunyamuka. Anandiletsa wailesi, anandiletsanso kulankhula. Tinapita, kubwerera, kupitanso, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili m'mano. Ulendo wachitatu, tili pachitunda, injini inayamba kugogoda. Iwo anayang'anitsitsa kapepala ka vesi la m'Baibulo komatidwa pagalasi la mamita, kuseri kwa chiwongolero.

"Kodi aka anamata ndani?" anandifunsa.

"Apongozi anga, eni galimotoyi. Ndi mkulu wa mpingo."

Anakamatula mwaulemu ndi chikhadabo n'kukaika m'thumba la malaya anga. Pamene panali kapepalapo, nyali yofiira ya oilo inkaphethira.

Mkamwini safunsa apongozi maso ndi maso, ndiye ndinatuma mayi akunyumba. Yankho linabwera lakuti nyaliyo inkawasokoneza poyendetsa, choncho anaiphimba ndi mawu abwino.

Miyezi yonseyo ndinkatchera khutu mpaka mutu kuwawa, chikhalirecho galimoto inkanena vuto lake pamaso panga. Vesilo ndikulisungabe. Injiniyo sinachirenso.