Malire a Nthochi

Nthochi imayenda. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa, nditakhala kale zaka zambiri pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira manyazi amandigwira.

Atanditumiza ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza, anandipatsa madimba a m'dambo lina kumunsi kwa Luwinga kuti ndiziwayang'anira. M'dambomo munali kasupe mmodzi wosaphwa ngakhale dzuwa litavuta chotani. Amayi ankathirira madzi ake mpiru, repu ndi tomato, ndipo mipope ikauma mabanja ambiri ankatunga pomwepo madzi akumwa. Kumtunda kwa dambolo kunali mapuloti, ndipo eni ake tulo sankalipeza ndi malo obiriwirawo. Ophunzira a ku yunivesite ankasowa pogona, choncho aliyense wokhala ndi kamalo ankamanga mdadada wa zipinda za lendi, wina mpaka kutseka zenera la mnzake.

Alimi ndi eni mapuloti anakhala pansi, akuluakulu a mzinda ali mboni, n'kugwirizana chimodzi: kuchokera pamalire kutsikira kudambo, palibe kumanga, kuumba njerwa kapena kukumba chimbudzi. Malowo ngakhale akhale ako, ndi olima basi. Aliyense anasaina. Ine anandipatsa ntchito yoyendera malirewo mwezi uliwonse ndi kulemba lipoti.

Vuto linali loti malirewo tiwaonetse ndi chiyani. Zikhomo za mitengo chiswe chimadya, miyala ya simenti anthu amazula kukachita mafuwa. Ndine ndinakweza dzanja pamsonkhano, ndi nzeru zanga za kukoleji zija, n'kunena kuti tibzale nthochi, poti nthochi munthu sangaiike m'thumba ndiponso imagwira nthaka. Anandiwombera m'manja. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti mlangizi ndine ndekha mu Mzuzu muno. Tinakumba mayenje akuluakulu mumzere, n'kuthira manyowa a ng'ombe odzaza bwino, n'kubzala. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadutsa ndi kope langa, kuona kuti nthochi zili chilili, n'kulemba kuti malire ali bwino.

Puloti yoyang'anizana ndi kasupe inali ya bambo ena opuma pa uphunzitsi, mkulu wa mpingo wathu. Nditangofika mu Mzuzu, wosadziwa munthu, wosamva Chitumbuka, iwo ndi akazi awo anandisunga miyezi itatu osandifunsa kanthu. Ndinkawaitana adada ndi amama. Mwana wanga woyamba anasambitsidwa ndi amama, chifukwa mayi anga ondibereka anali kutali. Ndikafika pa puloti yawo poyendera malire, ntchito inkayamba yaima kaye, ndimwe tiyi, ndinyamule phava la nthochi, kenako ndipitirire.

Tsiku lina kukuwaza kamvula, wapampando wa alimi, mayi wa ku Nkhata Bay wosadziwa kunong'ona, anandidulira njira.

"Alangizi, tiyeni mukaone zimene akuchita adada anu aja."

Zipinda zinayi zatsopano za adada ndinkazidziwa, zinali kumtunda, pamalo ololedwa. Chimene sindinkadziwa n'choti kuseri kwake aganyu anali atayamba kukumba dzenje la chimbudzi. Linali litafika m'chiuno, ndipo pansi pake pankanyezimira chinyontho. Kuchokera padzenjelo kufika pakasupe panali potsetsereka, mapazi owerengeka. Mlangizi aliyense akudziwa kumene zam'chimbudzi chotere zimathera.

Adada anatuluka atavala jekete lawo la ku tchalitchi.

"Mwatandala uli, adada?"

"Tatandala makola, mwana wane. Wabwera ndi kope lako?"

"Adada, chimbudzichi chayandikira kwambiri kasupe. Anthu amamwa madzi amenewa."

"Dzenjeli lili kumtunda kwa nthochi kapena kumunsi?"

"Kumtunda."

"Ndiye suzgo lili pati, chalakwika n'chiyani? Malire unaika ndiwe. Malipoti umalemba ndiwe, every month, zonse zili bwino. Ine ndine munthu wa malamulo."

Ndinayang'ana pamalire. Nthochi zinalipodi, zobiriwira bwino, ndipo dzenje linali kumbali yololedwa. Wapampando uja ndiye anapsa mtima.

"Alangizi, inu mumayenda ndi kope, ife timayenda ndi ndowa. Pobzala nthochizi, pakati pa kasupe ndi malire panali mabedi asanu a mpiru. Werengani lero."

Ndinawerenga. Analipo awiri.

Ndinanjuta patsinde pa nthochi imodzi, ndipo zonse zinaonekera poyera. Nthochi ikabereka imadulidwa, ana ake ophukira m'mbali ndiwo amatsala. Adada ankasiya ana a kumunsi okhaokha, a kumtunda n'kumazula. Panalibe chaka chimene anatenga malo aakulu. Chaka chino phazi limodzi, chaka chamawa phazi lina, mzere wonse ukutsikira kudambo uli wowongoka bwinobwino, mphunzitsi adziwike. Ine mlangizi ndikudutsa pomwepo, ndikuyamikira kuti adada amasamala nthochi kuposa onse, n'kumadya nawo.

Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinakwiyira adada, koma ndinadzikwiyira ndekha koposa. Ndinkadziwanso kuti kunena kuti malire asuntha n'chimodzimodzi kuuza anthu onse kuti malipoti anga a zaka zonsezo anali abodza. Kukhala chete kunali kosavuta. Pepala lililonse linali kumbali ya adada, ndipo palibe akanandiloza chala. Koma kasupe akanafa, ndipo ndikanadziwa ndekha kuti wamupha ndine.

Mawa lake ndinapita kwa adada ndekha, mwaulemu, n'kukhala pamphasa monga mwana wa pakhomo. Ndinawapempha kuti akwirire dzenjelo mwakachetechete, chimbudzi achikumbe kutsogolo cha kumsewu, ngakhale zitatanthauza kugwetsa kakhitchini kawo ka panja. Ndinawalonjeza kuti nkhani ithera pomwepo, nthochi tingozibweza.

"Kuzibweza kuti?" anandifunsa. "Uli ndi umboni woti zinali pena? Ŵana ŵa sukulu akubwera mwezi wa mawa. Iwe, amene unkagona m'nyumba muno, lero ukufuna undiphunzitse malire?"

Amama anali pakhomo akusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

Ndinaitanitsa msonkhano wa onse amene anasaina aja, Loweruka m'mawa, pamalire pomwepo. Anthu anabwera ambiri, ena kudzamva za kasupe, ena kudzaonera mwana akulimbana ndi bambo ake. Ndinayamba ndi mlandu wanga. Ndinawauza kuti nzeru ya nthochi inali yanga ndipo inali yopusa, kuti kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkayang'ana masamba m'malo moyeza nthaka, ndiponso kuti amene akufuna kukandinenera ku ofesi apite, sindidzakana.

Kenako ndinamanga chitenje n'kutenga khasu. Dothi la pamenepo ndi katondo wofiira, ndipo mayenje amene tinabzalamo nthochi zoyamba tinawadzaza manyowa. Ndinkakhulupirira kuti dothi silinaiwale. Ndinayamba kukumba kangalande kuchokera panthochi kukwera kumtunda, kudutsa pambali pa dzenje la chimbudzi. Ndinakumba, ndinakumba, katondo yekhayekha. Manja a muofesi anayamba kutuluka matuza. Wina kumbuyo anati, "Alangizi ayamba ganyu," anthu n'kuseka. Ndinamva mantha kuti mwina manyowa aja anasungunuka kalekale, ndipo ndadziyalutsa pachabe. Sindinasiye. Ndinati ngakhale ndifike pakhoma la zipinda, ndikumba.

Nditadutsa dzenje lija ndi mapazi awiri, khasu linalowa pofewa. Dothi lakuda linatuluka, lozungulira ngati pansi pa mphika, lili ndi ulusi wa chitsa chowola cha nthochi. Wapampando anandilanda khasu, n'kuyeza ndi mapazi kupita cham'mbali monga tinkachitira pobzala, n'kukumba. Lakudanso. Mlimi wina anakumba patsogolo pake, lakudanso. Mayenje atatu mumzere umodzi, onse kumtunda kwa chimbudzi. Kuseka kunatha.

Adada anayang'ana dothilo nthawi yaitali. Anakonza jekete lawo.

"Yewo chomene, alangizi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Chiyambire anali asanandiitanepo ndi dzina la ntchito. Ndinapambana mlandu, koma mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwanidwa.

Msonkhano unagamula kuti dzenje likwiriridwe pasanathe sabata, ndipo malire onse tiwayezenso ndi chingwe n'kuwaka zipilala za njerwa. Sabata inatha, dzenje lili kukamwa yasa. Adada sanakane, sanavomere, anangosiya kundiona. Kutchalitchi ndikawapatsa moni, maso awo ankadutsa pamwamba pa mutu wanga. Mvula yeniyeni inali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti anthu a zipinda akangofika, dzenje lotseguka lidzapeza ntchito, kaya lili ndi khoma kaya ayi. Ndinaganiza zoti ngati palibe wolikwirira, ndilikwirira ndekha, andithamangitse pamalo pawo akafuna.

Ndinalawirira ndi khasu paphewa, chifunga chisanachoke m'dambo. Ndikuyandikira ndinamva kuti wina wandiyambirira. Anali amama, okha, atamanga mpango m'chiuno, akukokera dothi m'dzenjemo pang'onopang'ono ndi msana wawo wovuta uja.

"Monire, amama."

Anapitiriza kukokera dothi. Ndinaima tsidya lina la dzenje n'kuyamba kukwirira. Tinagwira ntchito nthawi yaitali, kukumveka makasu okha. Dothi litafika pakati, anaongoka, n'kutsamira khasu.

"Maji agha timamwa tonse," anatero. "Ndinawauza adada ako kuyambira tsiku loyamba, sanandimvere. Dzenjeli likwiriridwe, wolondola ndiwe. Koma munthu wamkulu uja unamuyalutsa pamaso pa anthu amene amawalalikira. Kunyumba kwanga usapondekonso."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ndinabwera kaye mwamseri, iwo ali pomwepo. Ndinafuna kugwada. Koma ndinadzifunsa ngati ndikanachita mwina atandibwezera Loweruka lija, ndipo yankho ndinkalidziwa.

"Ndamva, amama," ndinatero.

Misozi inkatsika, sindinaipukute chifukwa manja anali ndi dothi. Ndinawerama n'kupitiriza, iwo mbali yawo, ine mbali yanga, mpaka dzenje linadzaza. Ndinaponda pamwamba pake kuti dothi ligwirane, amama ananyamula khasu lawo n'kukwera kunyumba osacheuka.