Anatsegula Kamera ya Malemu Amuna Anga Filimu Ili M'kati

Shopu ina yokonza makamera ku Indianapolis yandiwonongera chithunzi chomaliza cha amuna anga. Mtima ukundiwawa, ndipo sindikhala chete.

Malemu ankakonda makamera akale. Imene ankainyadira ndi ya bokosi, yoti ukapiringa sipulingi diso lake limayenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, n'kutulutsa chithunzi chachitali ngati mpango. Pa pikiniki ya Amalawi kuno ku South Bend ankatifoletsa tonse, iwo n'kubisala kuseri kwa kamera. N'chifukwa chake zithunzi zawo ndilibe zambiri. Chaka chatha anapempha mnzawo kuti adine, iwo n'kudzaima pambali panga. Kenako kamera inakanirira filimu ili m'kati. Patangopita miyezi itatu, anatisiya.

Lachiwiri ndinapempha ofu kuchipatala komwe ndimagwira ntchito. Ndinanyamuka 6:30 m'mawa, ndekhandekha, n'kufika ndi kamerayo kushopuko 9:05. Bambo wa pakauntala ndinamuuza kawiri kuti muli filimu, akaitsegulire m'chipinda chamdima. Ndinamatanso kapepala pamwamba. Iye anati ndisadandaule, ntchitoyi anakulira momwemo, ndibwere 2 koloko.

Kumeneko sindidziwa munthu. Ndinangokhala m'galimoto kudikira.

Nditalowa 1:40, ndinapeza kamera ili yasa patebulo la pawindo, dzuwa lili phwee. Azibambo atatu aizungulira, malovu ali chuchuchu. Kani mkuluyo anaimbira anzake osonkhanitsa makamera akale kuti adzaone chosowa. Filimu ili pamtunda, kuwala kwaiwononga kale. Kapepala kanga kali pansi.

Nditafunsa, akuti ankaganiza kuti filimuyo ndi yakalekale ngati kamerayo, inafa kale. Ankaganiza! Makutu anasiya kunyumba? Kuwerenga sadziwa? Nambala yanga sinali pa lisiti? Mmodzi wa anzakewo, wopanda manyazi, anandifunsa ngati ndikuigulitsa, akuti zoterezi zatsala zowerengeka. Ine misozi ili m'masaya, iye akusisita chikopa cha kamera.

Akuti pepani, ndipo sandilipiritsa. Zikomo kwambiri, bwana. Ndiye pepaniyo ndimuike mu felemu?

Abale anga a ku Indiana, chinthu cha malemu musachisiye pakauntala n'kutuluka. Imani pompo mpaka amalize, ngakhale akuoneni ngati ovuta. Ine ndinachita ulemu, ndipo ndikudziimba mlandu mpaka lero.

Ndinabwerera ndekha, wailesi osayatsa. Kamera anaikonzadi, ikuyenda bwinobwino. Koma mwini shopu, tandiyankhani: ndijambule nayo ndani?