Chaka Chimene Amayi Anagulitsa Kalongonda

Amayi anali ndi beseni lofiira la pulasitiki, long'ambika m'mbali, limene bambo analisoka ndi waya asanayambe kudwala. Linali loipa m'maso, ndipo ukalisenza wayayo ankakola tsitsi. Ndi beseni limeneli limene ndinasenza kupita nalo ku Namadzi chaka chimene ndinakwiyira amayi chifukwa cha diresi.

Ndinali mu sitandade folo. Bambo anamwalira m'chilimwe, ndipo mvula yoyamba itagwa manda awo anali asanamere udzu. Amayi nawonso anali atatha thupi. Chitenje chinkawazungulira n'kutsalako, ndipo mwezi uliwonse ankapita kuchipatala cha ku boma kukatenga mankhwala amene sankawatchula dzina.

Kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Mbombwe, amayi a mpingo anali ndi mwambo wawo. Khrisimasi ikayandikira ankaphika mandasi, zigumu ndi zitumbuwa n'kukagulitsa pamsika wa Namadzi, pamene maminibasi a ku Zomba amaima. Zimene apeza ankagulira zovala za kaunjika, sopo ndi shuga, n'kugawira ana amasiye pa tsiku la Khrisimasi mapemphero akatha. Anawo ankafola kutsogolo mpingo wonse ukuimba. Amayi anali m'gululi ine ndisanabadwe, ndipo zitumbuwa zawo zinkatha zisanazizire.

Chaka chimenecho amayi apampando, mkulu wa gululo, anabwera kwathu Lachinayi masana. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anayankhula motsitsa mawu, kuti amayi apumule, asavutike ndi zophika, ndipo mwanayu amuika pamzere wa olandira. Kenako anatulutsa m'jumbo diresi lachikasu la lamba kumbuyo ndi mabatani oyera, limene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Limbe. Analiyeza pamapewa panga. Linkanunkhira kaunjika, fungo lija la zinthu zochokera kutali, ndipo linandifika ndendende m'mawondo.

Amayi anapitiriza kusenda chinangwa mpaka mlendoyo atamaliza. Atatero anaika mpeni pansi.

"Mzere umenewo ndimaudziwa, ndakhala ndikugawa nawo. Wanga saimapo. Kumsikako ndibwera."

Diresi linapindidwa n'kubwerera m'jumbo ine ndikuona.

Mawa lake amalume anabwera pa njinga atamva nkhaniyo. Anawauza amayi kuti kunyada sikuveka mwana, ndipo anawonjezera kuti papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Amayi anayankha kuti ngati chisoni chawagwira chotero, agulitse njingayo andigulire diresi. Amalume anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ulendo wa ku Mikolongwe. Ine ndinali mbali yawo ndi mtima wonse, ndipo ndinawaperekeza mpaka pamsewu ndikuyembekezera kuti anena kanthu kena, koma anangondisisita mutu.

Vuto linali lakuti m'nyumba munalibe ufa wa mandasi, mafuta kapena shuga. Chimene chinalipo chinali thumba la kalongonda, nyemba zazikulu zija zimene bambo anadzala kuti ziyange m'mitengo ya nandolo. Ife Alomwe timamudya, agogo athu anabwera naye kuchokera ku Mozambiki. Anansi athu ambiri amamuseka, ndipo amamuopa, chifukwa akapanda kupsa bwino amazunguza mutu. Amayi anati tiphika ameneyo.

Amene sanaphikepo kalongonda asamanene kuti amadziwa kutopa. Tinayamba m'mawa wa Lachisanu ndi nkhuni zonyowa ndi mvula. Utsi unkaluma m'maso mpaka misozi kufika pachibwano. Akawira, madzi ake amada bii, ndipo ndinkakawataya kutali kuti nkhuku zisamwe. Kenako kusenda makoko ndi zala, nyemba imodziimodzi zikadali zotentha, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, kutayanso. Zala zanga zinada mpaka m'zikhadabo. Amayi ankati akasonkhezera moto n'kukhala pa mtondo wogadabuza, akupuma ngati akwera phiri. Nditanena kuti ndikaitane anansi adzatithandize, anandiyang'ana mpaka ndinakhala pansi ndekha.

Loweruka tinalawirira. Ku Namadzi tinapeza amayi a mpingo atayala kale matebulo, onse atavala zoyera ndi mipango yofanana, mandasi ataunjikidwa m'zidebe zoonekera mkati. Aphunzitsi anga a sitandade folo, amene analinso m'gululo, ndi amene ankaonetsa aliyense malo. Anavundukula beseni lathu n'kulivundikiranso msanga. Anati apaulendo adzanena kuti amayi a tchalitchi akudyetsa anthu zopengetsa, ndipo anatilozera kumapeto, pafupi ndi okonza njinga.

Amayi sanakangane nawo. Ananditula beseni, analinyamula okha n'kuliika pakati penipeni pa tebulo, pakati pa mandasi ndi zigumu. Kenako anatapa kalongonda wodzaza dzanja, anawaza mchere ndi tsabola, n'kudya pamaso pa onse, osafulumira.

"Ndikapenga mundimange," anatero.

Wina anaseka kumbuyo, ndipo aphunzitsi anapeza chochita kutebulo lina. Ine ndinkafuna nthaka itseguke. Lero ndikakumbukira nkhope ya aphunzitsi ija ndimaseka ndekha m'minibasi.

Ndikanakonda kunena kuti beseni linatha m'kanthawi kochepa, koma likanakhala bodza. Anagula makondakitala angapo, ndi mkulu wina wa chipewa amene anawapatsa moni amayi m'Chilomwe n'kunena kuti anamudya komaliza mayi ake ali moyo. Ambiri ankangosuzumira n'kupita kumandasi. Masana kunagwa mvula, msika n'kubalalika, ndipo theka la kalongonda tinabwerera nalo. Koma nthawi yosonkhanitsa itakwana, amayi anafola limodzi ndi anzawo, anamasula mfundo ya chitenje n'kukhuthulira m'mbale ndalama zonse zimene anapeza. Zinali zochepa, ndipo sanazibise m'dzanja.

Pa Khrisimasi ndinavala yunifolomu ya sukulu, chifukwa ndiyo inalibe chigamba. Mapemphero atatha ana amasiye anafola kutsogolo. Amayi anaima kumbali ya ogawa, mpango woyera utamangidwa molimba, ndipo anandikodola kuti ndizinyamula mitolo kuchoka patebulo kukapereka. Mtolo wa diresi lachikasu lija unagwera ine. Ndinakaupereka kwa mtsikana wa m'kalasi mwathu amene ankakhala ndi agogo ake. Anagwada polandira. Ine maso anali pansi, ndipo nyimbo yonse ija sindinaimve.

Kunyumba ndinakana kudya. Nkhomaliro ya Khrisimasi inali kalongonda yemwe uja wotenthetsa, pamene kwa anansi kunkamveka fungo la mpunga ndi nkhuku. Ndinawafunsa amayi chifukwa chake anzanga ofedwa alandira koma ine ayi, ngati bambo anga sanamwalire ngati a anzangawo. Anandisunthira mbale n'kunena kuti ndidye chisanazizire. Ndinalira mpaka mutu kuwawa, ndipo sabata yonse ndinkawayankha ndi mutu wokha.

Mpaka lero alipo amene amati amayi ndi odzikuza, ndipo amatchula chaka chimenecho ngati umboni. Anene. Ine sindiwapepesera. Amayi alipo, tsitsi lachita imvi, mankhwala aja akumwabe, ndipo Khrisimasi ikayandikira ndimachoka ku Blantyre kukawathandiza kuphika za kumsika. Maliro a ena mwa amene ankawamvera chisoni anakaphikako ndi iwo.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti mzere uja sunali wa mwana aliyense wofedwa. Mwa mwambo wa gululo, ankaimapo ndi ana amene analibe bambo ndiponso mayi. Amayi a mpingo anali ataona mafupa a m'khosi mwa amayi, ataona maulendo a kuchipatala aja, ndipo anangofuna kuyamba msanga kundichitira chifundo. Amalume ankadziwa, aphunzitsi ankadziwa, ngakhale mtsikana wolandira uja mwina ankadziwa. Ine ndinkalirira diresi, osazindikira kuti m'tchalitchi monse muja munthu mmodzi yekha ndi amene ankakana kuti amayi anga afa, ndipo anali iwo eni.